KAMANGIDWE KA MAU A LUMUMBA PA TSIKU LA UFULU WA CONGO

PA June 30, 1960, anthu olemekezeka anasonkhana m'nyumba ya boma yochedwa Palais de la Nation mu mzinda wa Léopoldville, umene masiku ano uchedwa Kinshasa, kudzaonerera mwambo wa ufulu wa dziko la Congo. Pa mwambowo panalankhula anthu atatu: Mfumu Baudouin ya ku Belgium, Mtsogoleri wa dziko latsopanolo, Bambo Joseph Kasa-Vubu, ndi nduna yaikulu ya boma, Bambo Patrice Lumumba. Onse atatu analankhula m'Cifalansa, m'cipinda cimodzi ndiponso pa nkhani imodzi. Koma zimene ananena Bambo Kasa-Vubu ndi owerengeka amene azikumbukira, ndipo zimene inanena mfumu zimachulidwa makamaka pofuna kulongosola cimene cinautsa mtima wa nduna yaikulu. Mau a Bambo Lumumba ndiwo akali kubwerezedwa mu Africa ngakhale papita zaka zoposa 60.

Munthu wa kumudzi si mlendo pa nkhani ya kulankhula kokopa. Amakumva pa bwalo la mfumu pozenga mlandu wa malire a munda, amakumva kuchalichi, pa maliro ndi pa msonkhano wa kopaletivu, ndipo koposa zonse amakumva pa nthawi ya masankho. Msonkhano ukatha anthu amabwerera kunyumba akunena kuti uje adziwa kulankhula, koma ndi ocepa amene amafunsa kumene mphamvu ya mau akewo yacokera. Kawirikawiri mphamvuyo imakhala m'kamangidwe ka ziganizo: amene waikidwa patsogolo monga wocita, mau amene abwerezedwa, utali wa ciganizo ciriconse, ndi malo amene wolankhula wasankha kupumirapo. Zolankhula za tsiku lija ku Léopoldville zionetsa zimenezi poyera, popeza anthu awiri anatenga mbiri imodzi naimanga mosiyana kotheratu.

ZIMENE ZINATSOGOLA

Dziko la Congo, limene licita malire ndi Zambia kumpoto, linali cuma ca munthu mmodzi, Mfumu Leopold II ya ku Belgium, kuyambira 1885 kufikira 1908. M'zaka zimenezo anthu anali kukakamizidwa kusonkhanitsa mphira wa m'nkhalango, ndipo midzi yolephera kukwanitsa muyezo inali kulangidwa mwankhanza. Nyumba zinatenthedwa, anthu anakwapulidwa ndi cikoti, ndipo ena anadulidwa manja. Mbiri ya nkhanzazo itamveka ku Ulaya, boma la Belgium linatenga dzikolo m'manja mwa mfumu mu 1908 ndi kulilamulira kufikira 1960.

Ufulu unadza mofulumira. Mu January 1959 munabuka cipolowe mu Léopoldville ndipo anthu ambiri anaphedwa. Caka cotsatira, mu January ndi February, atsogoleri a ku Congo anaitanidwa ku Brussels kumsonkhano umene unakhazikitsa tsiku la ufulu. Bambo Lumumba, amene kale anali kalaliki wa ku positi ofesi ku Stanleyville, anali m'ndende pamene msonkhanowo unayamba, ndipo anatulutsidwa kaamba kakuti anzao anaumirira kuti iwonso akhalepo. Anafika ku Brussels atamanga mabandeji m'manja cifukwa ca zilonda za unyolo. Pa masankho a mu May cipani cao ca MNC cinapata mipando yambiri kuposa cipani cina ciriconse, ndipo anakhala nduna yaikulu ali ndi zaka 34. Pa ndandanda ya olankhula pa mwambo wa ufulu dzina lao panalibe. Anaimirira pambuyo pa mfumu ndi mtsogoleri wa dziko, ataitanidwa ndi wapampando wa Nyumba ya Malamulo, Bambo Joseph Kasongo.

NDANI ANACITA?

M'ciganizo mumakhala wocita cinthu ndi wocitiridwa, ndipo wolankhula ali ndi ufulu woonetsa kapena kubisa wocitayo. Mwana akabwera nati, "Mbale yasweka," amai ake amadziwa kuti pali munthu amene wabisala kuseri kwa mauwo. Akanati, "Ndaswa mbale," mwini mlandu akanadziwika pomwepo. Kusiyana kwa mfumu ndi nduna yaikulu kunayambira pa kanthu kakang'ono kotere.

Mfumu Baudouin, imene inali ndi zaka 29, inayamba ndi kunena kuti ufulu wa Congo ndiwo mapeto a nchito imene inaganiziridwa ndi nzeru zakuya za Mfumu Leopold II, imene iyeyo anaiyamba molimba mtima, ndipo dziko la Belgium linaipitiriza mosatopa. Ocita m'ciganizo cimeneci ndi awiri, Leopold ndi Belgium. Munthu wa ku Congo mulibemo. Mfumu inapitiriza kunena kuti kwa zaka 80 dziko la Belgium linatumiza ana ake abwino koposa kudzaombola anthu ku malonda a ukapolo, ndi kuti dziko la Congo linapatsidwa njanji ndi miseu. Liu lakuti "linapatsidwa" libisa manja amene anagwira piki ndi fosholo. Njanji yocokera ku Matadi kufika ku Léopoldville, imene inamangidwa pakati pa 1890 ndi 1898, inapha anchito mazanamazana, ambiri a iwo anthu akuda, koma m'ciganizo ca mfumu njanjiyo inafika ngati mphatso yotsika m'sitima.

Anthu a ku Congo anayamba kuonekera m'ziganizo za mfumu pamene inafika pa malangizo. Inauza atsogoleri atsopanowo kuti tsopano zatsala kwa iwo kuonetsa kuti Belgium sanalakwe powakhulupirira. Inawacenjeza kuti asaononge tsogolo ndi kusintha zinthu mopupuluma, asacotse mabungwe amene Belgium akuwasiyira kufikira atatsimikiza kuti angathe kucita bwino koposa, ndipo asaope kutembenukira kwa Belgium akafuna thandizo. Kumeneku ndi kulankhula kwa kholo limene likupereka makiyi a nyumba kwa mwana pamene mtima ukali kukayika. M'mau onse a mfumu, "ife" anaima tsidya lina la mtsinje ndipo "inu" anaima tsidya linzake.

MONI WOSATSATA MWAMBO

Aliyense amene anakhalapo pa msonkhano pamene pali mfumu yaikulu adziwa kuti moni uli ndi ndondomeko yake. Wolankhula amayamba ndi wamkulu koposa, natsika pang'onopang'ono kufikira kwa anthu wamba. Bambo Lumumba anatembenuza ndondomekoyo. Mau ao oyamba anali akuti: "Amuna ndi akazi a ku Congo, omenyera ufulu amene lero mwapambana, ndikupatsani moni m'dzina la boma la Congo." Mfumu, imene inakhala pafupi pomwepo, inachulidwa ca kumapeto, pamodzi ndi alendo ena onse.

Moni umenewu unanena zinthu zitatu nkhani isanayambe n'komwe. Unasonyeza kuti eni ake a tsikulo anali anthu amene anaunjikana panja ndi amene anali kuchera khutu ku wailesi. Unachula akazi, ngakhale kuti pa masankho a mu May amuna okha ndiwo analoledwa kuvota. Ndipo liu lakuti "mwapambana" linatsutsa zonse zimene mfumu inanena, pakuti munthu wolandira mphatso sachedwa wopambana.

Ciganizo cimene cinatsatira posacedwa cinali cacitali ndipo cinamangidwa mocenjera. Coyamba a Lumumba anavomereza kuti ufuluwo ukulengezedwa mogwirizana ndi Belgium, dziko laubwenzi limene Congo adzakambirana nalo monga wolingana naye. Atatero anati komabe palibe mwana weniweni wa Congo amene adzaiwala kuti ufuluwo unapezeka mwa kulimbana. Ankhoswe odziwa milandu amalankhula motero. Amayamba ndi kuvomereza kuti mbali inayo ili ndi mfundo, kenaka nati "koma", ndipo bwalo lonse limadziwa kuti nkhani yeniyeni ndi imene ikudza pambuyo pa "koma" ameneyo. Cimene caikidwa kumapeto kwa ciganizo ndico cimatsala m'makutu.

Atafika pa liu la kulimbana sanalisiye msanga. Anati kunali kulimbana kwa tsiku ndi tsiku, kulimbana kumene anthu sanaumire mphamvu zao, sanaope kusowa, sanaope masautso, ndipo sanaumire ngakhale mwazi wao. Ndandanda imeneyi ikwera ngati makwerero, kuyambira pa cinthu copepuka kufikira pa colemera koposa. Akanayamba ndi mwazi natsiriza ndi mphamvu, ciganizo cikanafooka ngati moto wa mapesi.

"TINAZIONA"

Cigawo cimene cinachuka koposa ndico ca madandaulo. Ziganizo zosacepera zisanu zinayamba ndi mau amodzimodzi a Cifalansa, amene atanthauza kudziwa cinthu kaamba kakuti munthu anapitamo yekha. M'Cinyanja angamasuliridwe kuti "tinaziona". Anati tinaiona nchito yakalavulagaga ya malipiro osakwanira kudya n'kukhuta, kuvala, kugona pabwino kapena kulera ana monga anthu okondedwa. Tinakuona kunyozedwa, kutukwanidwa ndi kumenyedwa m'mawa, masana ndi madzulo, cifukwa cakuti tinali akuda. Tinaona nthaka yathu ikulandidwa m'dzina la mapepala ochedwa malamulo, amene anangovomereza mphamvu za wamphamvu. Tinaona kuti lamulo silinali limodzi kwa mzungu ndi kwa munthu wakuda. Tinaona masautso a anthu opitikitsidwa kwao kaamba ka ndale kapena cipembedzo, okhala ngati alendo m'dziko lao lomwe. Tinaona nyumba zokongola za azungu m'mizinda ndi tizisakasa takugwa ta anthu akuda.

Kubwereza mau oyamba kuli ndi nchito yake. Wowerenga buku akasocera amabwerera m'mbuyo nawerenganso, koma womvera alibe mwai wotero, popeza liu likatuluka lapita. Comweco mutu wa ciganizo ukakhala wodziwika kale, khutu limapumula pa mutuwo ndi kusunga mphamvu zomvera cinthu catsopano cimene cikudza kumcira. Pofika ciganizo cacitatu womvera amakhala akudziwa kale kuyamba kwa cacinai, ndipo amaciyamba mumtima mwake pamodzi ndi wolankhula. Apo ndi pamene gulu la anthu limaleka kungomvera niliyamba kuvomereza, monga m'mene amai osinja amagwirizanira pa mtondo umodzi.

Kubwerezaku kulinso ndi ubwino wina m'maiko a zinenero zambiri. Anthu ambiri a ku Congo sanali kumva Cifalansa, pakuti zinenero zao zinali Cilingala, Ciswahili, Cikongo, Ciluba ndi zina zambiri. Mau okometsera amafera m'kamwa mwa womasulira, koma mafupa a ciganizo amaoloka bwinobwino kucokera m'cinenero cina kulowa m'cinzake. Ndico cifukwa cake ndandanda ya "tinaziona" imamvekabe mphamvu m'cinenero ciriconse cimene yamasuliridwamo.

Cinthu caciwiri cofunika kuciona ndi mtundu wa mau amene anadzaza ziganizozo. Utsamunda anauchula monga mutu wa nkhani, koma pansi pake anaikapo zinthu zimene munthu angazigwire ndi manja kapena kuziona ndi maso: cakudya, zovala, nthaka, nyumba, ndende. Sananene kuti anthu anali kunyozedwa nthawi zonse. Anati m'mawa, masana ndi madzulo, ndipo womvera analiona tsiku lathunthu likudutsa pamaso pake. Anachula nyumba za sinema, malo odyera ndi masitolo ochedwa a azungu m'mene munthu wakuda sanali kuloledwa kulowa. Anthu a ku Northern Rhodesia, amene pa nthawiyo anali akali pansi pa ulamuliro wa Britain ndipo anali atazolowera kugulira nyama pa kazenera ka m'mbali mwa buchala, sakanafuna wowalongosolera mau otere.

Cacitatu ndi kuika zinthu ziwiriziwiri moyang'anizana. Lamulo linali lofewa kwa ena, lankhanza kwa ena. Nyumba zokongola zinaima pambali pa tizisakasa. Pa ulendo wa pamadzi munthu wakuda anakhala pansi pa bwato, kumapazi kwa mzungu amene anali m'cipinda cake ca mwanaalirenji. Wolankhula akaika zinthu motere safunikanso kunena kuti panalibe cilungamo, pakuti womvera amaweruza yekha, ndipo ciweruzo cimene munthu wadzipangira yekha sacitaya msanga.

Tsono liu lakuti "ife" linali ndi mboni. Amene analichula anali atatuluka m'ndende miyezi isanu yokha m'mbuyomo. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula citseko. Mau omwewo akanatuluka m'kamwa mwa munthu amene sanalawepo zimenezo akanamveka ngati ng'oma yobooka.

"IWE" NDI "INU"

Ndandanda yaitali imatopetsa ikapanda kudukizidwa, ndipo a Lumumba anaidukiza kawiri ndi funso loyamba ndi mau akuti "Ndani adzaiwala". Funso lotere silifuna yankho la pakamwa. Limangopereka mpata kwa womvera kuti ayankhe mumtima kuti palibe, ndipo potero amakhala walowa m'mlandu monga mboni.

Funso loyamba linakhudza kaitanidwe ka munthu. M'Cifalansa muli mau awiri oitanira munthu: "tu", amene amanenedwa kwa mwana kapena kwa bwenzi la pamtima, ndi "vous", amene ndi aulemu. A Lumumba anafunsa kuti ndani adzaiwala kuti munthu wakuda anali kunenedwa "tu", osati monga bwenzi, koma kaamba kakuti "vous" waulemu anasungidwira azungu okha. Wolankhula Cinyanja amva kuwawa kwa funso limeneli msanga kuposa wolankhula Cingelezi, cimene masiku ano cigwiritsa liu limodzi kwa onse. Adziwa cimene cimacitika mumtima mwa nkhalamba ya imvi, yokhala ndi adzukulu, pamene kamnyamata ka mu ofesi kaiitana kuti "iwe". Pakati pa nkhani zazikulu za nthaka ndi malamulo, kanthu kakang'ono kameneka ndiko kanalasa mitima, cifukwa aliyense anali atakomana nako. Funso laciwiri linadza kumapeto kwa ndandanda ndipo linanyamula zolemera koposa: kuomberedwa mfuti kumene abale ambiri anafera, ndi ndende m'mene anaponyedwa amene anakana kugonja.

CIGANIZO CACIFUPI

Atatha madandaulo, a Lumumba anamanga ciganizo cimene cinacedwetsa dala mfundo yake. Anayamba ndi kunena kuti "koma zonsezi", naimika nkhaniyo kuti alongosole amene akulankhula: ife amene aphungu anu anativomereza kutsogolera dziko, ife amene tinamva kuwawa kwa citsenderezo m'thupi ndi mumtima, tikukuuzani mokweza. Womvera anadikira ngati munthu woona mtengo ukudulidwa, akudziwa kuti ugwa koma osadziwa nthawi yake. Kenaka panagwa mau asanu okha a Cifalansa, otanthauza kuti kuyambira tsopano zonsezi zatha.

Mphamvu ya ciganizo cacifupi imacokera ku zazitali zimene zacitsogolera. Wolankhula amene ziganizo zake zonse ndi zazifupi amamveka ngati wokhoma misomali, ndipo amene zake zonse ndi zazitali amagoneka anthu tulo. Mmisiri wa mau amasunga ciganizo cacifupi kufikira pamene afuna kuti anthu aombe m'manja, ndipo pa tsikulo anthu a ku Congo amene anali m'nyumbamo anaomba m'manja kangapo konse.

KUCOKA KU DZULO KUPITA KU MAWA

Mau akuti "zatha" anali ngati citseko pakati pa zipinda ziwiri. Kuseri kwake ziganizo zinamangidwa monga zoyamba zija, koma nthawi inasintha. M'malo mwa "tinaziona" panabwera "tidzacita". Tidzakhazikitsa cilungamo kuti aliyense alandire malipiro oyenera nchito yake. Tidzaonetsa dziko lapansi cimene munthu wakuda angacite akamagwira nchito mwaufulu. Tidzaonetsetsa kuti nthaka ya dziko ipindulitsa ana ake. Tidzaunikanso malamulo onse akale ndi kupanga atsopano. Dandaulo la malipiro, la nthaka ndi la malamulo, lirilonse linapeza yankho lake.

Pa cigawo cotsiriza "ife" anapatuka, napatsa malo "ine" ndi "inu". Nduna yaikulu inabwereza mau akuti "ndikupemphani". Inapempha anthu kuti aiwale mikangano ya mitundu, inapempha aphungu otsutsa kuti atsutse mothandiza ndi motsata malamulo, ndipo inapempha onse kuti alemekeze moyo ndi katundu wa nzika zinzao ndi wa alendo okhala m'dzikomo. Motero kulankhula konse kunayenda masitepe atatu: zimene zinacitika, zimene zidzacitike, ndi zimene womvera ayenera kucita. Pempho linadza pamapeto, mitima itafewa kale. Munthu wopempha khasu kwa mnansi sayamba ndi khasu, amayamba wafunsa za moyo wa pakhomo.

Komatu m'kamangidwe kameneka muli msampha umene womvera ayenera kuudziwa. Ziganizo za "tinaziona" zinali umboni, ndipo aliyense akanatha kuziyesa ndi zipsera za pathupi pake. Ziganizo za "tidzacita" zinali ngongole. Popeza zonse zinamangidwa mofanana ndi kunenedwa ndi liu limodzi, khutu linazilandira monga zoona zolingana. Koma boma limene linalonjeza zimenezi linalandira dziko lalikulu lokhala ndi anthu osakwana 30 otsiriza maphunziro a pa yunivesiti, ndi gulu la asilikali m'mene munalibe ofisala ngakhale mmodzi wa ku Congo. Asilikali amene anamva kuti zonse zatha anadzuka m'mawa mwake napeza akuluakulu ao ndi azungu omwe aja, malipiro ndi omwe aja.

MTENGO WA MAU

Kulankhula kumeneku kunali ndi omvera a magulu awiri, ndipo cimene cinaciritsa gulu lina cinalasa linzake. Mfumu inakwiya kwambiri nifuna kubwerera kwao nthawi yomweyo. Pa cakudya ca masana a Lumumba ananena mau ena oyamikira Belgium pofuna kuziziritsa mitima, koma mauwo sanafafanize oyamba aja. Pempho lao lakuti alendo alemekezedwe linafika makutu a azungu atatsekeka kale.

Patangopita masiku asanu, pa July 5, mkulu wa asilikali, Émile Janssens, analemba pa bolodi pamaso pa asilikali akuda mau otanthauza kuti "Ufulu usanadze" ndi "Ufulu utadza", naika pakati pake cizindikiro ca masamu cosonyeza kulingana. Naconso cinali ciganizo comangidwa mwaluso, cacifupi, ca mbali ziwiri zoyang'anizana ndi cosaiwalika. Asilikali anacimvetsa bwino lomwe, ndipo tsiku lomwelo anayamba kugalukira akuluakulu ao. Pa July 11 cigawo ca Katanga, ca migodi ya kopa, cinapatuka motsogoleredwa ndi Moïse Tshombe. Pa September 5 Bambo Kasa-Vubu analengeza kuti acotsa nduna yaikulu pa udindo, ndipo pa September 14 Joseph Mobutu analanda mphamvu. Pa January 17, 1961, Bambo Lumumba anaphedwa ku Katanga, kufupi ndi Élisabethville, mzinda umene lero uchedwa Lubumbashi, pamodzi ndi anzao awiri, Maurice Mpolo ndi Joseph Okito.

Kunena kuti mau a pa June 30 okha ndiwo anawaphetsa kungakhale kupeputsa nkhani. Panali cuma ca migodi ya Katanga, panali mpikisano wa America ndi Soviet Union, panalinso mikangano ya atsogoleri a ku Congo eni ake. Koma adani ao anagwiritsa nchito mauwo powaonetsa monga munthu woopsa ndi wosayamika. Pambuyo pake panafala mphekesera yakuti anauza mfumu kuti anthu a ku Congo salinso anyani ake. Mau amenewo mulibe m'zimene zinajambulidwa pa mwambowo. Zimene ananenadi zinali zodekha kuposa pamenepo, ndipo kulasa kwake kunacokera m'ndondomeko yake, osati m'kutukwana.

MLANDU SUOLA

Mu 2001 bungwe lofufuza la Nyumba ya Malamulo ya ku Belgium linapeza kuti ena a m'boma la pa nthawiyo anali ndi mlandu wa cikumbumtima pa zimene zinatsogolera ku imfa ya Bambo Lumumba, ndipo mu 2002 nduna ya zakunja, Louis Michel, inapepesa. Mu June 2022 dzino lao, cokhaco cimene cinatsala pa thupi lao, linaperekedwa kwa banja lao ku Brussels. Mu Lusaka dzina lao likumbukiridwa pa mseu waukulu wa Lumumba Road.

Pa June 30, 2020, patapita zaka 60 cilankhulire mfumu ija, Mfumu Philippe, mwana wa mng'ono wake wa Baudouin, inalembera kalata Mtsogoleri wa dziko la Congo, Bambo Félix Tshisekedi, yosonyeza cisoni cacikulu pa mabala a kale. Kalatayo inavomereza kuti m'nthawi ya ulamuliro woyamba uja zinthu zaciwawa ndi zankhanza zinacitidwa. Linali sitepe lalikulu poyerekeza ndi mau a mu 1960. Koma ochera khutu anaona kuti dzina la Leopold II silinachulidwe, ndi kuti liu lakuti "zinacitidwa" silinanene amene anazicita. Mu 1960 Leopold anaikidwa patsogolo pa ciganizo pamene nkhani inali ya zabwino. Mu 2020, nkhani itakhala ya zoipa, malo a wocita anasiyidwa opanda munthu.

Zida zonsezi, kubwereza, funso losafuna yankho, zinthu ziwiri zoyang'anizana ndi ciganizo cacifupi ca pamapeto, zilibe mwini. Wonena zoona amazigwiritsa nchito, wonama nayenso amazidziwa, ndipo nthawi zina amazidziwa koposa. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Comweco munthu wokhala pansi pa mtengo pa msonkhano acita bwino kusiyanitsa umboni ndi ngongole, ndi kufunsa ngati wonena kuti "ife" anagonapo ndi njala pamodzi ndi anthu amene akuwalankhulira. Akamva kuti feteleza anacedwa, ndalama za cipatala zinasowa, kapena mlatho udzamangidwa, afunse kuti anacedwetsa ndani, anasowetsa ndani, ndipo adzamanga ndani, liti ndiponso ndi ndalama zocokera kuti. Wolankhula woona mtima sabvutika kuyankha mafunso otere, pakuti m'ziganizo zake wocita amakhala ndi dzina.